Orton Chirwa: anapulumuka chingwe, koma ndende sinawabweze

Pa 30 June 1984, kutatsala masiku ochepa kuti dziko lino likondwerere zaka 20 za ufulu wodzilamulira, Kamuzu Banda anachitira chifundo anthu awiri omwe amadikira kunyongedwa. Anthuwo anali Orton Chirwa ndi akazi awo, mayi Vera. Chilango cha imfa chinasinthidwa n'kukhala chokakhala kundende moyo wawo wonse. Mipingo, mabungwe ndi maiko akunja omwe anakhala akuwapepesera kwa Ngwazi anapumako, poti chingwe chinali chitachoka.

Patadutsa zaka zisanu ndi zitatu, pa 20 October 1992, a Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba ali ndi zaka 73, maso asakuonanso bwino, makutu atayamba kugontha. Kunena mosapsatira, chigamulo cha imfa chija chinakwaniritsidwabe, kungoti chinayenda wapansi m'malo mothamanga. N'chifukwa chake tikamakambirana masiku ano zosintha malamulo a zilango ndi ndende, makamaka pa anthu omwe anagamulidwa zaka zambirimbiri kapena moyo wonse, ndi bwino kuyambira pa munthu ameneyu. Anali nduna ya zachilungamo pomwe dziko lino limalandira ufulu mu 1964, koma ndende inawasunga mpaka imfa popanda tsiku ndi limodzi lomwe loti wina akhale pansi n'kuunikanso ngati kunali koyenerabe kuti azikhala mmenemo.

Achinyamata ambiri dzina la Orton Chirwa timalidziwa ngati la msewu wa mumzinda wa Mzuzu basi. Pa ndalama zathu nkhope yawo palibe. Pa K200 pali Rose Chibambo, yemwe anachotsedwa ntchito tsiku limodzi ndi iwo. Pa K1000 pali Kamuzu, yemwe anawachotsayo. Ife a ku Chiradzulu ndiye kaya, mbiri yathu imayambira pa Chilembwe n'kutheranso pa Chilembwe, 15 January ikadutsa tatseka buku. Komatu msewu womwe umadutsa pa Mbulumbuzi, uja timaimikirapo minibasi tsiku ndi tsiku, ndi womwe umalumikiza malo awiri a nkhani ino. Mbali ina ndi Blantyre, komwe banjali linazengedwa mlandu ku Soche. Mbali inayo, ukadutsa Namadzi ndi Thondwe, ndi Zomba, komwe kuli ndende yomwe bamboyo sanatulukemo wamoyo.

A Chirwa anabadwa pa 30 January 1919 m'boma la Nkhata Bay. Anaphunzira mpaka ku Fort Hare ku South Africa, sukulu yaukachenjede yomwe kunadutsanso Nelson Mandela, Robert Mugabe ndi Masauko Chipembere. Anagwirako ntchito ya uphunzitsi, ndipo mu 1951 anakwatira Vera Chibambo. Kenako anapita ku London kukaphunzira zamalamulo ku Lincoln's Inn, n'kubwerako mu 1958 ali loya woyamba wachikuda wa ku Nyasaland. Taganizani, dziko lonse, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, mwana wa m'dzikomo wodziwa kuima pamaso pa jaji wachizungu n'kutsutsana naye pa malamulo ake omwe anali mmodzi yekha.

Nthawiyo n'kuti dziko likuwira ndi nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe azungu anachikhazikitsa mu 1953 anthu akuda akuchikana. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, chipani cha Nyasaland African Congress chinaletsedwa, ndipo anthu mazanamazana anatsekeredwa osazengedwa mlandu. Kamuzu anamutengera kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. A Chirwa ndi mayi Vera nawo anamangidwa. Imeneyi inali ndende yawo yoyamba, ndipo pali chinthu chimodzi choyenera kuchisunga m'mutu: atsamunda anawatulutsa patangotha miyezi ingapo.

Atatuluka anapeza Congress ili yoletsedwa, atsogoleri ake ali m'zitokosi. Pa 30 September 1959 anayambitsa chipani chatsopano, Malawi Congress Party, iwo n'kukhala pulezidenti wake woyamba, mlembi wamkulu ali mnyamata wa zaka 20, Aleke Banda. Inde, MCP yomwe mukuidziwayi anaiyambitsa ndi Orton Chirwa. Boma la Britain likanakonda kukambirana za tsogolo la dziko lino ndi loya wophunzira ku London ameneyu kusiyana ndi dokotala waukali uja, koma a Chirwa anakakamira kuti Kamuzu atuluke kaye. Kamuzu anatulukadi pa 1 April 1960, ndipo patangopita masiku ochepa a Chirwa anamupatsa mpando wa chipani. Pa ndale za ku Malawi kuno, munthu wotula mpando yekha chipani chili pa moto wotero tingamuwerenge ndi chala chimodzi.

Pa chisankho cha 1961 anapambana ku Nkhata Bay, n'kuyamba kugwira ntchito mu unduna wa zachilungamo, mpaka kukhala nduna yake komanso mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Apa ndi pomwe nkhani yawo imafuna kuinena bwinobwino, chifukwa anthu akafa m'njira yomvetsa chisoni timakonda kuwasandutsa angelo. A Chirwa anali m'gulu la anthu omwe amalimbikitsa mabwalo a milandu a m'madera, oweruza potsata chikhalidwe cha anthu, ponena kuti mabwalo a azungu anali kutali ndi munthu wamba pa chilankhulo ndi pa kachitidwe komwe. Ganizolo pa lokha silinali loipa. Mayi wa ku Mbulumbuzi wa nthawi imeneyo akanamva chiyani pa bwalo loweruza m'Chingerezi, jaji atavala tsitsi loyera lochita kugula? Koma mkulu wa majaji komanso bwanamkubwa Glyn Jones anawadzudzula nthawi yomweyo, kuti mabwalowa amatha kupindidwa ndi andale mosavuta, komanso kuti anthu a chipani omwe amamenya otsutsa ndi a Mboni za Yehova samatengeredwa ku khothi. Nduna yoona zimenezo inali iwo.

Ufulu unabwera pa 6 July 1964, ndipo pasanathe miyezi iwiri nduna zinali zitayambana kale ndi Kamuzu. Nkhani zake zinali zingapo: tiki yomwe odwala amayenera kulipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kupatsa Amalawi maudindo omwe anali m'manja mwa azungu, ubwenzi wa Kamuzu ndi Apwitikizi a ku Mozambique, komanso chizolowezi chake chotchula nduna zake kuti anyamata pa misonkhano. Panalinso nkhani yobweretsanso lamulo lotsekera anthu osawazenga mlandu, yomwe inachititsa Colin Cameron, nduna yokhayo yachizungu, kutula pansi udindo. Pa 7 September Kamuzu anachotsa a Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Chipembere ndi Willie Chokani, yemwe anthu a ku Chiradzulu anamusankha mu 1961, anasiya okha pogwirizana ndi anzawowo. Chaka chisanathe, a Chirwa anali atathawira ku Tanzania.

Ku Dar es Salaam anakhalako zaka 17, akugwira ntchito ya zamalamulo. Mayi Vera nawo anaphunzira zamalamulo mpaka kukhala loya woyamba wamkazi wa ku Malawi, kenako n'kumakaphunzitsa ku University of Zambia. Kumudzi kuno zinthu zimangoipiraipira. Chipembere anayesa kulanda boma mu February 1965 koma anakakanika pa Liwonde. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa ndi mfuti cha ku Mwanza. A Chirwa anadzayambitsa gulu lawo lotsutsa boma la Kamuzu, Malawi Freedom Movement, lomwe anthu amangoliti Mafremo.

Uku ali kunja, mabwalo aja anasintha nkhope. Anthu ataphedwa motsatizana ku Chilobwe mu Blantyre kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo khothi lalikulu litamasula oganiziridwa ena poti umboni unali wosakwanira, Kamuzu anakwiya. Mu 1969 lamulo linasinthidwa, mabwalowo n'kutchedwa Traditional Courts, n'kupatsidwa mphamvu zoweruza milandu yakupha ndi kugamula imfa. Majaji achizungu a ku khothi lalikulu anasiya ntchito pokwiya nazo. Pambuyo pake anawonjezeramo ndi mlandu woukira boma. Ambiri mwa oweruza ake anali mafumu, owasankha ndi kuwachotsa anali Kamuzu mwini, ndipo loya samaloledwa kuimira wozengedwa mlandu. Albert Muwalo, yemwe anali mlembi wamkulu wa MCP, anaweruzidwa m'bwalo lotere n'kunyongedwa mu 1977. Mbewu yomwe a Chirwa anathandiza kudzala ndi cholinga china inali itabala minga.

Pa 24 December 1981, anthu akukonzekera Khrisimasi, a Chirwa, mayi Vera ndi mwana wawo Fumbani anagwidwa. Iwo ananena mpaka mapeto kuti anachita kubedwa ali m'dziko la Zambia, cha ku Chipata. Boma la Malawi linkati anagwidwa atalowa kale m'dziko muno cha ku Mchinji, akubwera kudzagwetsa boma. Mlandu unayamba mu 1982 ku Southern Region Traditional Court ku Soche. Maloya awiri odziwika bwino m'dziko lonse anaimitsidwa pa bwalo lomwe lamulo la umboni silimatsatidwa, opanda owaimira, ndipo mboni zomwe amafuna kuitana kuchokera kunja zinakanidwa. Anadziyankhira okha. Pa 5 May 1983 onse awiri anagamulidwa kuti anyongedwe.

Mwezi umenewo muukumbukire. Pasanathe sabata ziwiri, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Mwezi wa March chaka chomwecho Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu lina lotsutsa, anali ataphedwa ku Harare. Choncho palibe amene amakayika kuti Kamuzu atha kusayinira imfa ya banjali. Apilo inapita ku National Traditional Court of Appeal, ndipo mu February 1984 bwalolo linachita chinthu chodabwitsa: linadzudzula zambiri za mmene mlandu unayendera ku Soche, koma chilango n'kuchisiya chomwecho. Fumbani, yemwe anakhala m'ndende zaka ziwiri osazengedwa mlandu uliwonse, anamasulidwa chaka chomwecho. Makolo ake anapulumuka chifukwa cha phokoso la kunja, la Amnesty International, la mpingo wa Church of Scotland womwe Kamuzu amanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wake, ndi la maboma osiyanasiyana. Ndiye kunabwera chifundo cha pa 30 June chija.

Tsono tiyeni tione chomwe mawu oti moyo wonse amatanthauza kwa munthu wa zaka 65. Lamulo la ndende la 1956, lomwe tinatengera kwa atsamunda n'kuligwiritsa ntchito zaka zoposa 60, limalola kuti mkaidi wa khalidwe labwino achotseredwe gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Wogamulidwa zaka 9 amatha kutuluka atagwira 6. Munthu wotero amakhala ndi kalendala m'mutu, amadziwa kuti akapewa ndewu, akamvera, tsiku lake likuyandikira. Nanga gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wonse ungaliwerenge bwanji? Kwa a Chirwa chitseko chinali chimodzi chokha, ndipo kiyi wake anali m'thumba mwa munthu yemwe anawatsekerayo.

Zomwe anakumana nazo m'ndendemo zinalembedwa m'chigamulo cha bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa, African Commission on Human and Peoples' Rights, pa dandaulo lomwe Amnesty International inakapereka m'malo mwa banjali. Amasungidwa kwaokha pafupifupi nthawi zonse. Chakudya chinali choipa, chithandizo cha mankhwala chosakwanira, ndipo amamangidwa unyolo nthawi yaitali ali m'chipinda chokhoma kale. Mwamuna ndi mkazi anali m'ndende imodzi ya Zomba koma anatha zaka zisanu ndi zitatu osaonana. Anadzaonana mu September 1992, gulu la maloya ochokera ku Britain litaloledwa kuwayendera. Apo ndi pomwe anthu akunja anaona ndi maso awo kuti loya uja anali atasanduka nkhalamba yodwala, yosamva bwino, yosaona bwino. Munthu wotero akanagwetsa boma la ndani?

Chopweteka n'chakuti chaka chimenecho zitseko zinali zitayamba kutseguka. Mabishopu a Katolika anali atatulutsa kalata yawo yotchuka pa 8 March. Chakufwa Chihana anali atabwera n'kumangidwa mu April. Mu May maiko othandiza dziko lino anaimitsa thandizo lina mpaka boma litasintha pa nkhani za ufulu wa anthu. Machipisa Munthali anatuluka atakhala m'ndende zaka 27. Aleke Banda, mnyamata uja anayamba naye chipani, anatuluka atakhala zaka 12 osazengedwa mlandu. Onsewa sanatuluke chifukwa choti lamulo linati nthawi yawo yakwana, anatuluka chifukwa boma linali litapanikizika. Pa 18 October Kamuzu analengeza kuti kukhala riferendamu yoti anthu asankhe pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Patangopita masiku awiri, a Chirwa anamwalira. Mayi Vera sanaloledwe kukakhala nawo pa maliro a amuna awo. Iwo anatulutsidwa pa 24 January 1993, patatha miyezi itatu yokha.

Wina anena kuti imeneyo ndi nkhani ya ndale za nthawi ya chipani chimodzi, ikukhudzana bwanji ndi munthu yemwe anaphadi mnzake pa mowa kapena pa mkangano wa munda? N'zoona, a Chirwa sanayenere kukhala m'ndende ngakhale tsiku limodzi, pomwe ambiri omwe ali ku Zomba, ku Chichiri ndi ku Maula lero analakwadi. Zambiri zinasinthanso. Ma Traditional Courts aja anatha, malamulo oyendetsera dziko a 1994 anapatsa womangidwa ufulu wokhala ndi loya ndi wochita apilo, ndipo chichokereni 1992 palibe amene wanyongedwa m'dziko muno. Koma chitseko chija, cha munthu wa chilango chachitali, kwa zaka zambiri tinachisiya pafupifupi mmene chinalili. Gawo 89 la malamulowa limapereka mphamvu yokhululukira akaidi kwa mtsogoleri wa dziko, mothandizidwa ndi komiti yomulangiza. Ndiye timadikira Pasaka, 6 July kapena Khrisimasi kuti timve kuti akhululukidwa angati. Mndandanda ukatuluka, pa Facebook pamayaka moto, ngati momwe zinalili pa Pasaka wa 2023 anthu atamva kuti mwa okhululukidwa munali nduna yakale Uladi Mussa. Mkanganowo umabwera chifukwa palibe amene amadziwa muyeso wake. Wa dzina amakumbukiridwa. Wa ku Mbulumbuzi yemwe abale ake anasiya kumuyendera zaka khumi zapitazo poti thiransipoti inakwera, amukumbukira ndani?

Parole ndi chinthu china. Ndi dongosolo loti mkaidi akagwira gawo loikika la chilango chake, gulu la anthu odziwa ntchito limakhala pansi n'kuona fayilo yake: anapalamula chiyani, wakhala bwanji m'ndende, thanzi lake lili bwanji, akatuluka akafikira kuti, olakwiridwa akuti chiyani. Likakhutira limamutulutsa, koma amakhalabe womangidwa ndi malamulo, amakaonekera kwa omuyang'anira, ndipo akaphwanya amabwerera kukamaliza zaka zake. Likakana limapereka zifukwa ndi tsiku lodzaonanso. Kusiyana kwake ndi chikhululukiro cha pulezidenti kuli pa zinthu ziwiri zomwe a Chirwa analibe, tsiku lodziwika ndi zifukwa zolembedwa. Anzathu a ku Zimbabwe anafika pa mfundo imeneyi mu 2016, khothi lawo loona za malamulo oyendetsera dziko litagamula pa mlandu wa Obediah Makoni kuti kutsekera munthu moyo wonse popanda mwayi woti nkhani yake idzaunikidwenso n'kumuchotsera ulemu wake wa umunthu. Khothi la ufulu wa anthu la ku Ulaya linanenanso chimodzimodzi mu 2013.

Chosangalatsa n'chakuti sitikufunika kupita kutali kukafuna umboni, chifukwa Malawi anayesapo kale zofanana nazo. Kale munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, jaji analibe chosankha, chilango chinali imfa basi, kaya anapha mwadala atakonzekera, kaya anali wodwala misala, kaya anali mayi wothawa nkhanza. Pa 27 April 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khothi lalikulu linagamula kuti kuweruza kotero n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Zimenezi zinatanthauza kuti onse omwe anagamulidwa mwa njira imeneyo amayenera kumvedwanso, kuphatikizapo omwe chilango chawo chinali chitasinthidwa kale kukhala cha moyo wonse, ngati mmene zinawachitikira a Chirwa. Ntchitoyo inachedwa, inadzayamba mwamphamvu mu 2015 motsogozedwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission, mothandizana ndi a Legal Aid, ma paralegal ndi maloya ena. Ma paralegal amapita m'midzi kukacheza ndi mafumu, abale a mkaidi ngakhalenso abale a malemu. Mafayilo ena anali atasowa kalekale. Majaji anamva nkhani imodziimodzi, ndipo anthu oposa 100 anatuluka, ena atakhala m'ndende zaka zoposa 20. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa omvedwa pa ntchito imeneyo amene anagamulidwanso kuti anyongedwe. Dziko silinagwe. Mafumu ambiri omwe analandira anthuwa m'midzi mwawo, atafunsidwa pambuyo pake, anasonyeza kuti sakugwirizananso ndi chilango cha imfa.

Koma dziwani kuti ija inali ntchito ya kamodzi, ya gulu limodzi la akaidi, yoyendera ndalama za mabungwe. Munthu wogamulidwa zaka 40 kapena moyo wonse chaka chino sali m'gulu limenelo. Ndipo zilango zazitali zikuchuluka, poti anthu tatopa ndi ogwiririra ana komanso opha anzathu achialubino, ndipo makhothi akumva kulira kwathu. Ineyo sindikuona cholakwika kuti chilango cha milandu yotere chikhale chowawa. Funso langa ndi la zaka 25 zikubwerazo, mnyamata wa zaka 22 uja atasanduka bambo wa zaka 47, kapena wa zaka 50 uja atasanduka gogo wosatha kudzuka yekha pa mkeka. Kodi padzakhale wina wokhala ndi udindo womuyang'ana n'kunena kuti akhalebe, kapena apite? Yankho litha kukhala loti akhalebe. Chofunika n'choti funsolo lifunsidwe, pa tsiku lomwe lamulo linaika, osati pa tsiku lomwe wina ku State House wadzuka bwino.

Sindikunamizani kuti zimenezi sizipweteka. Ku South Africa, Janusz Waluś, yemwe anapha Chris Hani mu April 1993, anagamulidwa imfa, kenako chilango n'kusinthidwa kukhala cha moyo wonse. Nduna zinamukaniza parole kangapo, mpaka mu November 2022 khothi lalikulu kwambiri m'dzikomo linalamula kuti atuluke. Mkazi wa malemu Hani anakwiya kwambiri, anthu anachita zionetsero, ndipo ndani angawadzudzule? Lamulo loteteza mkaidi yemwe timamumvera chisoni ndi lomwelo limatetezanso yemwe timadana naye. Aliyense wolimbikitsa parole osatchula mbali imeneyi akukugulitsani mbuzi ili m'thumba. Palinso nkhawa ya kwathu kuno yomwe tonse tikuidziwa, ya ziphuphu. Gulu lotulutsa akaidi likakhala la anthu osankhidwa pa chipani, lokumana mobisa, ndiye kuti tangosamutsa kiyi uja kuchoka m'thumba limodzi kupita m'matumba asanu. Mbiri ya a Chirwa yomweyi ikutichenjeza, poti mabwalo omwe anayamba ndi cholinga chofikitsa chilungamo kwa anthu wamba ndi omwe anadzawagamula imfa, atangogwera m'manja mwa munthu mmodzi. Lamulo likhoza kulembedwa bwino pa pepala, koma tiyenera kufunsa kuti mamembala akuwasankha ndani, angawachotse ndani, olakwiridwa akumvedwa pati, ndipo wokanidwa angakadandaule ku khothi liti. Tifunsenso za ndalama, chifukwa wotulutsidwa amafunika womuyang'anira kumudzi komwe wapita, ndipo woyang'anirayo amafunika njinga ndi malipiro.

Kusachita kanthu nako kuli ndi mtengo wake. Ndende ya Zomba inamangidwa mu 1935, nthawi yomwe dziko lino linali ndi anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi lero. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khothi linapeza kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Aliyense amene anakaonako m'bale wake ku Chichiri kapena ku Maula angakuuzeni ngati zinatheka. Malo omwe nkhalamba yodwala ikugona chokhala ndi omwewo akusowa mnyamata wa pa rimandi, ndipo nsima ya kamodzi pa tsiku ija imagulidwa ndi misonkho yomwe timadula tikamagula bandulo.

Mayi Vera atatuluka sanapite kukapuma. Anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba pa nkhani za malamulo, kenako anasankhidwa kukhala mmodzi wa makomishonala a African Commission ija, yomwe inagamula kuti boma la Malawi linawaphwanyira ufulu iwo ndi amuna awo. Kumeneko anapatsidwa udindo woyendera ndende za mu Africa monse n'kumalemba malipoti a mmene akaidi akusungidwira. Mu June 2001 ntchito imeneyo inawabweretsa kwawo konkuno, kudzayendera ndende za dziko la Malawi. Ulendo umenewu ofunsa mafunso anali iwo, ndipo akuluakulu a ndende ndi amene amayenera kuyankha.